A Shaba ndi Mafani Awo Awiri

A Shaba anamwalira Lachiwiri sabata yatha. Anandiuza ndi mphunzitsi mnzanga, uku akufufuza choko m'kabati, mawu ake ali ngati akunena za mtengo wa shuga. Ine ndinangoti, "Ooh," n'kupitiriza kuchonga makope. Ndinachonga mulu wonse mpaka kutha, ndikudikira kuti mwina misozi ibwera, koma sinabwere. Komatu munthu ameneyu ndi amene anafikitsa mtembo wa amuna anga kwawo ku Dedza, tsiku lomwe pa Boma ponse panalibe galimoto yoti n'kutinyamula. Poti misozi yakana, bola ndilembe zomwe ndikudziwa za iwo.

Anali makaniko, koma osati wa chilichonse. Ukawapititsira galimoto ya vuto la mabuleki ankakulozera kwa mnzawo wa kuseri kwa msika. Iwo zawo zinali madzi, mphepo ndi mawaya: rediyeta, fani, ndi zonse zothandiza kuti injini isawire. Anali aafupi, a khosi lalikulu, magalasi awo omangidwa ndi waya mbali imodzi. Ntchito anaiphunzirira ku Chikangawa pa malole a matabwa, ndipo ngakhale anakonza galimoto za theka la tauni ino, iwo ankayenda pa njinga yakapalasa mpaka maondo atakana. Garaji inali pakhomo pawo pomwe. Akazi awo, NyaMoyo, ankabweretsa tiyi ndi mbatata teni koloko iliyonse, n'kuziika pa tayala, ndipo ankauza aliyense kuti iwo ndi mkazi wamng'ono, wamkulu ndi garajiyo. Ine ndine wa kwa Phiri, wa ku Ntcheu, ndinabwera kuno ndi uphunzitsi. A Shaba tsiku loyamba lomwe ananditcha mwa kuno, NyaPhiri, ndipo sanandiitaneponso dzina lina.

Komaliza kuwaona ndi chaka chatha pa depoti ya maminibasi. Maso anali atachita ng'ala, akuyenda ndi ndodo. Sanandione, ndipo ine sindinadzionetse. Anaima pafupi ndi minibasi ina yomwe inkadikira kudzaza, injini ikulira, n'kupendeketsa mutu kumvetsera. Kenaka anagogoda chitseko ndi ndodo ija.

"Dalaivala, fani yako ikuzungulira chakumbuyo iyi."

"Madala, ili bwinobwino. Simukuimva mphepo?"

"Mphepo ndikuimva chomene. Koma ikupita kuti?"

Dalaivala anaseka, anthu anaseka, a Shaba n'kupitiriza ulendo wawo. Sindikudziwa ngati minibasiyo inafika ku Mzuzu. Chomwe ndikudziwa n'chakuti ine sindinaikwere.

Kuno ku Mzimba galimoto zambiri zimayendera injini zosabadwa nazo. Anthu amabwera nazo kuchokera ku Joni zikunyezimira, msewu wa ku Manyamula n'kuzidya chaka chimodzi, injini n'kufa. Mwini wake sataya galimoto. Amasaka injini ina iliyonse yomwe ingalowe, kawirikawiri yaikulu kuposa yoyamba, ya dizilo, yochotsa m'minibasi yakugwa. Injini yaikulu imadya malo. Fani yakale ija yoyendera lamba imasowa pokhala, ndiye pamafunika fani yamagetsi, yopyapyala, yoyendera batire. Amakaniko ena ntchito imeneyi amaimaliza tiyi asanazizire: kutola fani iliyonse pa sikirapu, kuimanga ndi waya, kulumikiza, ikangozungulira basi bwana nyamukani.

A Shaba ankayamba ndi mafunso ngati kuchipatala. Mumanyamula chiyani? Mumadutsa msewu uti? Mumaima kuti nthawi yaitali injini ikulira? Ankati injini sifera pa liwiro, poti pamenepo mphepo ya mumsewu imalowa yokha. Imafera pa chitunda, pa mchenga, ndi pa siteji podikira anthu. Akatero ankapisa dzanja pakati pa injini ndi rediyeta, kuyeza mpata ndi zala. Mpata ukakhalapo ankafuna fani yokhala kumbuyo kwa rediyeta, yokoka mphepo. Yokankha, yokhala kutsogolo, ankailola pokhapokha ngati mpata palibiretu, ndipo ankailola akung'ung'udza, chifukwa imatchinga mphepo yomwe ikanalowa yokha. Fani yopanda chimango chake, chija amati kaulingi, sankaiwerengera n'komwe. Ankati imangoziziritsa kabwalo komwe yayang'ana, kwina konseko madzi akuwira. Ukabwera ndi waya wowonda ankakugwiritsa m'manja fani ikulira, mpaka umve wekha akutentha. Ukabwera ndi fyuzi yokulunga ndi pepala la siliva la mu ndudu, ankakuyang'ana pamwamba pa magalasi, mpaka uyambe wekha kunamizira m'bale wako.

Ntchito ikatha ankang'amba tsamba la nyuzipepala n'kuliika kutsogolo kwa galimoto, fani ikulira. Likamatirira pakati ndi m'makona onse anayi, ndiye kuti zatheka. Likagwa pa kona imodzi yokha, galimoto inkagona pomwepo, kaya mwini wake alire chotani. Bwana wina wa m'maofesi umu, wochokera kummwera, anabwera tsiku lina kudzangodzitama kuti fani yomwe anamuikira kwina ndi yamphamvu moti imamveka kumsika. A Shaba anaika nyuzipepala yawo. Inauluka n'kukamatirira pa taye ya bwanayo. Anamuuza mwaulemu kuti galimoto yake ikugwira ntchito yabwino yoziziritsa Mzimba, chatsala ndi injini. Madalaivala ankati ukapititsa galimoto kwa Shaba utsanzikane nayo ngati ikupita ku Joni. Ankanena choncho, koma akawotcha gasiketi kawiri kwa amakaniko achangu aja, ankabwera okha chipewa chili m'manja.

Chimene ankadana nacho kuposa zonse chinali swichi ya pamanja, ija yoti dalaivala aziyatsa yekha fani akaona muvi wa kutentha ukukwera. Ankafuna fani iziyaka yokha, ndi kaswichi komva kutentha kwa madzi, podzera pa rile, kabokosi kopatsira fani moto, ndi fyuzi yake. Munthu amaiwala, ankatero. Aona mnzake pa siteji, ayamba nkhani za fodya, injini ikupsa. Anakanganapo ndi mkulu wa mpingo wawo womwe pa nkhani imeneyi, mpaka miyezi ingapo ankakhala mabenchi otalikirana m'tchalitchi. Mkuluyo ankati galimoto ndi yake ndipo swichi akuifuna. A Shaba ankati galimoto ndi yakedi, koma dzanja lolumikiza waya ndi lawo.

Amuna anga, a Kamwendo, anagwa m'manja mwa munthu ameneyu zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, chaka chomwe mafuta anasowa dziko lonse. Anali ndi pikapu yomwe ankanyamulira matabwa ku Chikangawa ndi chimanga cha kumalire a Kasungu. Injini itafa anaikamo ya dizilo yaikulu, ndipo a Shaba atapisa dzanja zinalowa zala zitatu zokha. Anati pakufunika mafani awiri opyapyala, okoka, pa chimango chimodzi. Imodzi yaikulu ikanagunda mphuno ya pampu ya madzi, imodzi yaing'ono sikanakwanitsa, koma awiri akanasiya mpata pakati woti mphunoyo ikhalepo. Otere kunalibe pa Boma, ngakhale ku Mzuzu.

Amuna anga anali munthu wabwino koma wopupuluma. Madzi osamba akachedwa pamoto ankasamba ozizira uku akudandaula. Anapita ku Mzuzu n'kubwera ndi fani imodzi ya pa sikirapu, ataikulunga m'thumba la feteleza. Ndinali nawo tsiku lomwe anakaipereka. A Shaba anaitembenuza kawiri, n'kusisita mapiko ake ndi chala.

"Iyi ndi yokankha, Kamwendo. Inali kutsogolo, pa eyakoni yoziziritsa anthu m'galimoto yaing'ono."

"Ndiye mungotembenuza mawaya, dada, izikoka. Anzanu onse akutero."

"Mawaya nditembenuza, mbwenu izungulira chakumbuyo, enya. Koma mapiko awa anapindikira uku. Phokoso likhala lambiri chomene, mphepo theka. Pa chitunda cha Chikangawa ndi matabwa, mbwenu mwaphika injini."

"Ingoikani, zikavuta ndi zanga."

"Yayi."

Yayi wa a Shaba ankathera pomwepo. Amuna anga akanatha kuikoka galimotoyo kupita nayo kwina, koma pansi pa mtima ankadziwa kuti mdalayo sakunama, choncho ankangobwera kunyumba kudzakalipira ine ndi ana. Galimoto inakhala pa garaji sabata zitatu. Ine ndinali mbali ya amuna anga, ndisaname. Tsiku lina poweruka ndinapita ndekha, choko chili mbuu m'manja, ndipo ndinalankhula mawu omwe munthu sayenera kulankhula kwa wa imvi. Ndinati akusewera ndi chakudya cha ana anga chifukwa cha kunyada basi. Anandimvetsera mpaka ndinatha, uku akupukuta sipanala.

"Mwamaliza, NyaPhiri? Ndauza wa thiransipoti wa ku Joni, abwera nawo mwezi wa mawa. Ndapota, pirirani pachoko."

Ndinachoka osatsanzika.

Patapita masiku asanu, Lachitatu m'mawa, amuna anga anagwa pakhonde akumanga nsapato. Pofika masana anali atapita. Za tsiku limenelo ndimakumbukira zochepa: nsapato imodzi yomanga, ina yosamanga, ndi foni ya alamu anga, akulu awo a malemu, kuchokera ku Dedza. Anati mwambo ndi Lachisanu m'mawa, ndipo mtembo ufike m'nyumba ya mayi awo Lachinayi dzuwa lisanalowe. Unali mwezi wa Okutobala, kukutentha koti mtembo sungadikire. Anthu a kumpingo anazungulira pa Boma ponse. Galimoto zinalipo, koma matanki opanda kanthu, ndipo zina zinali pa mizere ya mafuta ku Mzuzu masiku atatu. Ife tinali ndi zigubu zitatu za dizilo zomwe malemu anabisa kuchipinda, koma lole ya matabwa yomwe inavomera sikanafika nazo ngakhale ku Lilongwe. Zigubuzo zikanakwanira galimoto imodzi yokha, yathu yomwe, ndipo inalibe fani. Akuluakulu anayamba kunong'onezana zoti mwina tingowaika konkuno, kumanda a anthu obwera. Ndinamva, ndipo ndinadziwa kuti mayi awo okalamba aja sadzandikhululukira, ngakhalenso ine sindidzadzikhululukira.

Dzuwa litapendeka a Shaba anafika pamaliro. Anakhala kaye ndi azibambo panja, kenaka anabwera pakhomo pa nyumba yomwe tinali azimayi, n'kunyonyomala.

"Pepani chomene, NyaPhiri. Galimoto inyamuka mawa eyiti koloko. Uzani a ku Dedza."

Ndinkaganiza kuti agonja, aika fani ija ya m'thumba la feteleza.

Zomwe anachita anandiuza pambuyo pake ndi a Mhango, bambo wa kumpingo kwathu amene anayendetsa pikapu yathu ulendowo. Kuseri kwa garaji, pansi pa chisakasa, a Shaba anali ndi galimoto yawoyawo, yaing'ono, yakalekale, yomwe anakhala akuimanga pang'onopang'ono zaka zambiri ndi injini yaikulu. Inali itatsala pang'ono kuyenda. M'menemo munali mafani awiri atsopano, opyapyala, pa chimango chimodzi, enieni aja ankanena. Kutangocha anawamasula. Chimangocho chinali chachikulu kuposa rediyeta ya pikapu yathu, ndiye anachiyeza, n'kukanda mizere ndi msomali, n'kutenga sowo. A Mhango akuti anawagwira mkono.

"Dada, mukadula ichi sichibwereranso m'galimoto yanu."

"Gwirani uko, a Mhango, nthawi ikutha."

Anadula mbali zonse ziwiri, mipata yotsala n'kutseka ndi mphira za chubu. Kaswichi komva kutentha koyenera injini imeneyo kunalibe. Choncho munthu yemwe uja anasiyana benchi ndi mkulu wa mpingo analumikiza maswichi awiri a pamanja, imodzi pa fani iliyonse, n'kuwakhomera pa kathabwa. Nyuzipepala itamatirira makona onse anayi anakasamba, n'kuvala jekete lawo la kutchalitchi. Anauza a Mhango kuti iwo aziyang'ana msewu basi, za kutentha awasiyire eni ake.

Galimoto itafika pakhomo, amayi a kumpingo anachita zomwe timachita nthawi zonse. Anathyola nthambi za masamba n'kuzisomeka kutsogolo, kuti aliyense mumsewu adziwe kuti mukudutsa maliro. Anasomeka zambiri, mwachikondi, mpaka mphuno yonse ya galimoto inabisika. A Shaba anatsika n'kuyamba kuzizula imodziimodzi. Nyimbo inaima. Mayi wina wamkulu anawayandikira nkhope itasintha.

"A Shaba, mwayamba liti kuvula maliro masamba?"

"Mama, sindikuvula yayi. Koma mphepo ilowera pati? Mukatseka apa, mbwenu tikagona nawo pa Jenda."

Anatenga nthambi zija n'kuzimangirira pa magalasi a m'mbali ndi pa zitsulo za pamwamba, bwinobwino, ndi mphira. Mayi uja anayang'ana, n'kuyambitsanso nyimbo pomwe inalekera.

Ine ndinakhala kumbuyo, pambali pa bokosi, ndi ana anga awiri ndi amayi asanu. Pa galasi la kumbuyo kwa kabini ndinkaona khosi la a Shaba ndi kathabwa kaja kali pa ntchafu pawo. Sindinalire ulendo wonse. Ndinkangomvetsera. Pa liwiro mafani ankakhala chete. Tikachepetsa, pa rodibuloko ya pa Jenda, pa Kasungu, pamalo ena pomwe panali masamba mumsewu a maliro a eni ake, ndinkamva imodzi ikuyamba kulira pansi pa nyimbo, ndipo tikathamanganso inkaleka. Alitaneta ya galimotoyo, ija imadzaza batire, inali yaing'ono, moti mafani onse awiri akanayaka nthawi yaitali akanaimaliza batire. N'chifukwa chake sakanangowasiya oyaka, ndipo n'chifukwa chake panafunika munthu wosaiwala.

Ku Lilongwe tinafika dzuwa lili paliwombo. Mzere wa galimoto zodikira mafuta unali utasefukira mumsewu waukulu, ndipo tinalowamo osadziwa. Kutsogolo kosapitika, kumbuyo kosabwereka. Masamba athu anthu ankawaona, ena mpaka kuvula zipewa, koma panalibe poti n'kutipatukira. Kuzimitsa injini a Shaba analetsa, poti batire inali itafooka kale ndipo sikanalizanso. Tinkasuntha phazi limodzi, kuima, phazi lina, kuima. Amayi anasiya kuimba. Thabwa la bokosi linatentha moti ndinachotsapo dzanja. Fani imodzi inkalira, kenaka yachiwiri, kenaka yoyamba n'kuleka, ndipo ndinkaona dzanja la a Shaba likuuza a Mhango kuti aponde mafuta pang'ono, batire ilandire moto. Kenaka ndinaona a Mhango akuvula jekete n'kutulutsa mutu pawindo, pakamwa pali yasa. Anandiuza pambuyo pake kuti muvi unali utagunda pofiira, ndipo a Shaba anatsegula hita ya m'kabini mpaka kumapeto, kuti kutentha kwina kwa injini kuthawire mwa iwo awiri. Tinakhala choncho kupitirira ola. A Shaba jekete lawo sanavule. Linada ndi thukuta kuyambira pakhosi mpaka pomwe ndinkatha kuona, ndipo mutu sanatembenuze ngakhale kamodzi.

Titatuluka m'tauni mphepo inayamba kulowa yokha. Chitunda chochoka ku Linthipe tinakwera ndi mafani onse awiri, giya yotsika, pang'onopang'ono ngati ngolo. Tinafika dzuwa litatsala pang'ono kukhudza phiri. Mayi a malemu anatuluka m'nyumba atagwiriziza ndodo, n'kudzaika manja onse awiri pa bokosi. A Shaba anadikira kuti tonse titsike, n'kusiya injini ilire kanthawi ndi fani imodzi, kenaka anazimitsa n'kupita kukakhala ndi azibambo ngati munthu wongodutsa.

Tinaika Lachisanu. Loweruka m'mawa alamu anga ndi amalume awo a malemu anaitana a Mhango n'kuwapempha makiyi. Anati galimoto ndi ya mwana wawo, ikhala pamudzi. Ndinalibe mphamvu zokangana. Akanati ndivule nsapato ndikanavula. Ndi tsiku lomwelo a Mhango anandinong'oneza komwe mafani anachokera, ndipo ndinamva zinthu ziwiri nthawi imodzi. Ndinamva manyazi, poti katundu wa eni ake akutsala m'manja mwa abale anga. Ndinamvanso mkwiyo, poti ndiye kuti sabata zitatu zonse zija, amuna anga akuvutika, ine ndikukalipa, mafani analipo kuseri kwa khoma, mdala uja osanena kanthu.

Ndinkayembekeza kuti a Shaba apempha sipanala amasule zawo. Anaitanadi alamu anga n'kutsegula boneti. Ndinali chapatali koma ndinkamva. Anawaonetsa rile, fyuzi, swichi iyi ndi iyi. Anawauza kuti asayatse onse awiri nthawi yaitali, asatseke kutsogolo ndi katundu, ndipo sabata yomweyo akasake ku Lilongwe kaswichi komva kutentha, achotse za pamanjazi. Analemba zonse pa chikatoni, malembo akuluakulu. Alamu anga ankangoti eya, eya, maso ali pa matayala.

Tinabwerera pa basi. Titadutsa Mponela ndinalimba mtima.

"Dada, mafani anu aja."

"Ali pa ntchito, NyaPhiri."

"Ndiwauza abweze."

"Yayi. Mukawachotsa, galimoto ya Kamwendo ifa."

Anatsamira pawindo n'kugona mpaka pa Jenda.

Galimotoyo inafabe. Isanathe miyezi itatu ndinamva kuti alamu anga anaima pa sitolo ina injini ikulira, n'kutalikitsa nkhani ndi anzawo, swichi osayatsa. Galimoto anaigulitsa kwa a sikirapu, mafani ndi zonse. A Shaba sindinawauze. Kuyambira pamenepo ndinasiya kudutsa njira ya ku garaji kwawo, ndipo ndikawaona kumsika ndinkakhotera kwa ogulitsa tomato. Zaka khumi ndi ziwiri, m'tauni yaing'ono ngati ino, imeneyo ndi ntchito yotopetsa. Yewo weniweni, zikomo wa kuno, sindinawauzepo. Mkwiyo uja ndi manyazi aja zinkasinthana ngati mafani awo, china chikaleka china n'kuyamba.

Kumaliro awo ku Manyamula sindinapite. Ndinapita dzulo kunyumba kwawo pa Boma, nditamva kuti NyaMoyo abwera kudzalongedza katundu kuti akakhale kumudzi. Anandizindikira ndisanadzitchule. Titapepesana anandigwira dzanja n'kunditengera kuseri, ku chisakasa. Ndinayamba kunena zomwe ndinakonzekera m'njira, za mafani, kuti anathera pa sikirapu, kuti ndinalakwa kukhala chete. Anandidula.

"Anadziwa kale, mwana wane. A Mhango anawauza chaka chomwecho. Koma inu mukudziwa komwe anachokera mafani aja?"

Ndinati m'galimoto iyi.

"Anatumiza ndi mwana wathu Wongani, kuchokera ku Joni. Anati, dada malizani galimoto, Disembala ndikubwera, mudzanditenge pa Jenda. Disembala isanafike mbwenu anadwala, n'kumwalira konko. Njira yomubweretsera inasowa. Anamuika anzake, ife manda ake sitikuwadziwa mpaka lero. Chinthu chomaliza kuchoka m'manja mwake ndi mafani aja. Adada ake sankalola ngakhale ine kuwapukuta fumbi."

Ndinafunsa kuti zinachitika liti. Anati chaka chimodzi amuna anga asanamwalire.

"Tsiku lija atachoka kumaliro kwanu sanadye. Anangoti, NyaMoyo, bola uyu akagone kwawo."

Atatero anandilozera ku garaji.

Garaji anaisesa kale. Zipangizo anagawana abale, pakhoma patsala misomali ndi zithunzi za masipanala zomwe fumbi linajambula. Pansi pali madontho akuda a oyilo pomwe galimoto za anthu zinkagona. Galimoto yawo ikadali pansi pa chisakasa, pa miyala, matayala anaphwa kalekale, boneti yotsegula. Pakati pa injini ndi rediyeta pali mpata wopanda kanthu, ndipo m'mabowo anayi momwe munali chimango anabwezeramo mabawuti, lililonse ndi nati yake, atalipaka girisi. NyaMoyo anati wa thiransipoti uja anabweradi ndi mafani ena mwezi wotsatira, oti akanatha kulowa bwinobwino, koma a Shaba anawaika m'galimoto ya munthu wina. Yawoyi sanaigwirenso.

Pa msomali wa pa nsanamira panali zidutswa ziwiri za pulasitiki wakuda, zazitali, m'mbali mwake mukuoneka mano a sowo, atazimanga pamodzi ndi waya. NyaMoyo anazitsitsa, n'kuzipukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kuziika m'chikwama chopita nacho ku Manyamula. Kenaka anandipempha kuti ndiwathandize kutseka boneti, poti okha imawalemera. Tinaitsitsa awiri, pang'onopang'ono, kuti isachite phokoso.